Khomo la Chipinda cha Amayi

Ganizo lopita ku Canada linali langa, ngakhale kuti ntchito inali ya amuna anga. Ndikuyamba ndi mfundo imeneyi chifukwa anthu akwathu, pofuna kundichitira chifundo, amakonda kunena kuti ndinangotsatira banja. Si mmene zinalili. A Wilisoni atalandira kalata yowaitana kukagwira ntchito yopima magazi pa chipatala china ku Toronto, anaisunga m'thumba la jekete milungu iwiri osandionetsa. Ndinaipeza ndikusita jeketelo. Ndinaiwerenga kawiri ndili chiimire, ndipo atabwera kuchokera kuntchito ndinawauza kuti tikupita. Iwo anadandaula za kuzizira ndi za kutalika kwa ulendo. Ine ndinati munthu amene anavutikira sukulu zaka zonsezo sayenera kukana ntchito chifukwa choopa mphepo. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinali ndi satifiketi ya ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ndinkayang'anira maphunziro a zapakhomo pa sukulu ina ya atsikana. Mwana Mulungu sanatipatse. Sindinaone chotiletsa.

Amayi anga ankakhala kumudzi ku Chiradzulu, m'nyumba yawo yofolera ndi udzu, pafupi ndi mng'ono wanga Felesiya. Tsiku lokatsanzika, a Wilisoni anatsala pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khonde, atatembenukira kumsewu. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo sagona m'nyumba imodzi. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Mwambo umenewu ndinkausunga kwambiri, mwina kuposa anthu a m'mudzimo. Ndinachoka pakhomo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kupita ku sukulu ya mishoni yogonera komweko, ndipo zochepa zakwathu zimene ndinazidziwa ndinazigwira zolimba, kuti wina asanene kuti sukulu yandiwononga. Pa zaka makumi awiri za ukwati wathu, mawu onse a pakati pa amayi ndi amuna anga ankadzera mwa ine.

Amayi sankanditchula dzina langa loti Esinati. Ankati Aphunzitsi, ndipo sindinadziwe konse ngati unali ulemu kapena kundinyogodola. Tsiku limenelo anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, mukakafika mukaone ngati kumeneko kuli kadzuwa koti munthu wokalamba n'kuothera." Ndinayankha kuti ndikaona. Ndinkayesa akungocheza.

Ku Toronto satifiketi yanga sinandithandize. Anaiyang'ana mwaulemu, naibwezera m'envulopu yake, nandiuza kuti ndiyenera kuyambiranso maphunziro. Pa msinkhu umenewo sindikanatha. Ndinapeza ntchito pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Etobicoke, kumadzulo kwa mzindawo, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkakwera basi m'mawa uliwonse kukasambitsa amayi a anthu ena. Ntchitoyo ndinaigwira bwino. Ndinkawawenga zikhadabo, kuwapesa, kuwadyetsa phala ndi supuni yaing'ono. Ena ankandiitana ndi mayina a ana awo amene sankabwera kudzawaona, ndipo ndinkavomera. Za kusungulumwa ndinena mwachidule. M'nyumba yosanja imene tinafikira munali mabanja ambiri, koma chaka choyamba chinatha popanda munthu wofika pakhomo panga n'kunena odi. Lamlungu lokha ndi pamene ndinkamva chilankhulo changa pakamwa pa munthu wina wosakhala amuna anga, pamene tinkasonkhana Amalawi ochepa ndi anzathu a ku Zambia m'chipinda chapansi cha tchalitchi china, kupemphera ndi kumwa tiyi.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse kudzera ku positi, osalumpha. Amayi sankadziwa kulemba, choncho makalata awo ankalemba ndi Felesiya, pa mapepala opyapyala abuluu aja, ndipo kalata imodzi inkayenda milungu itatu. Masiku amenewo tonse tinkadziwa kuti kalata yochokera kunja ikhoza kuwerengedwa ndi maso ena isanafike kwa mwini wake, motero tinkalemba za mvula, za matenda ndi za maliro basi. Ndinazolowera kulemba makalata aukhondo, opanda cholakwa, osanena kanthu.

M'chaka chachinayi tinagula kanyumba ku Etobicoke komweko, pafupi ndi bwalo la ndege. Ndege zikamadutsa makapu ankalira m'kabati. Kanali ndi zipinda zogona ziwiri, bafa imodzi, ndi kabwalo kumbuyo. Posakhalitsa Felesiya analemba kuti miyendo ya amayi yayamba kutupa, kuti sakuthanso kupita kudimba, ndi kuti iye ndi ana ake asanu ndi awiri manja akumuchepera. Ndinaganiza zowaitanitsa amayi. A Wilisoni anavomera nthawi yomweyo, nati chipinda chachiwiri chikungokhala ndi masutikesi. Ine ndinakana. Khoma la pakati pa zipindazo linali lopyapyala moti munthu akatsokomola kwina ankamveka. Khomo la bafa linali limodzi, njira yake imodzi. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti amayi anga azikumana nawo m'mawa atavala thaulo. Ndinanenetsa kuti amayi adzabwera pokhapokha atakhala ndi khomo lawolawo, chitofu chawo, ndi pokhala pawo poti mkamwini sapondapo.

Chimene ndinkafuna ndinali nditachiona kuntchito. Kumbuyo kwa nyumba ya okalamba ija kunali chipinda cha magalasi okhaokha, denga ndi makoma omwe. M'nyengo ya chisanu, kunja kutayera ndi chipale chofewa, tinkawakhazika okalamba mmenemo pakati pa maluwa a m'miphika, ndipo dzuwa linkawafika pamsana ngati ali pakhonde. Tsiku lililonse ndikamawakankhira mmenemo ndinkakumbukira mawu a amayi a tsiku lotsanzikana. Ndinajambula pulani yanga pa pepala la mizere: chipinda cha magalasi chotsamira khoma lakumbuyo kwa nyumba yathu, mbali imodzi yotchinga ndi matabwa pogona, kachitofu, mpopi, kachimbudzi, ndi khomo limodzi lokha lotulukira kubwalo. Khomo lolowera m'nyumba mwathu sindinaikepo. Ndinachita dala.

Pano pamene ndikulembera, m'nyumba ya aphunzitsi ya sukulu ina pafupi ndi Limbe, pepala limenelo ndili nalobe. Mizere yake ndi yowongoka. Ndikaliyang'ana sindiona kusasamala. Ndimaona mkazi amene ankakhulupirira kuti zonse akuchita mwadongosolo, ndipo ndi zimene zimandiopsa.

Chilolezo ndinapempha, koma ndinachipempha mwa njira imene ndinkaidziwa. Kwathu munthu akafuna kumanga pafupi ndi malire amapita kwa mnansi wake, nayenda naye pamalopo pali mboni, nakhoma zikhomo onse akuona. Akagwirizana, nkhani yatha. Mnansi wathu anali mzungu wokalamba amene nayenso anachokera dziko lina kalekale. Bwalo lake lonse linali tomato, ndipo patokha tinkamutchula a Matimati. Ndinavala chipewa changa cha kutchalitchi, ndinaphika keke, ndipo tinapita ndi a Wilisoni pamodzi ndi mkulu wa mpingo wathu. A Matimati anayenda nafe m'mbali mwa mpanda, anagwira okha chingwe pamene tinkakhoma zikhomo, nati timange, mayi ndi mayi. Mkulu wa mpingo anapemphera. Za ofesi ya mzinda sindinaziganize n'komwe. Nyumba inali yathu, mapepala ake ali m'kabati.

Chenjezo linabwera, sindingabise. Lamlungu lina, tikutsuka makapu, namwino wina wachitsikana wa ku Ntcheu, amene anali atakhala m'dzikomo nthawi yaitali kuposa ine, anandifunsa motsitsa mawu, "Amayi, koma pemiti mwaapulaya?" Sindinakonde kalankhulidwe kake kosakaniza, ndipo sindinakonde kufunsidwa ndi mwana pamaso pa anthu. Ndinamuyankha kuti ine sindipempha kwa boma chilolezo choika mpando pabwalo langa. Anapepesa, napitiriza kupukuta makapu.

Tinamanga m'nyengo yotentha ya chaka chachisanu, Loweruka lililonse. Amuna a mumpingo ankabwera ndi zipangizo zawo, motsogozedwa ndi a Tembo a ku Chipata, amene kwawo anamangapo nyumba za aphunzitsi. Maziko anakumba ofika m'mawondo, monga timachitira kwathu, nathira simenti. Ife azimayi tinkaphika, ndipo kabwalo kaja kanadzaza phokoso la kumudzi koyamba chibwerere. Tsiku loika magalasi, a Tembo anaima patali, anayang'ana chipindacho, nati, "Koma a Wilisoni, mwaganiza bwino? Apongozi osayenera kuwaona mwawamangira nyumba yoonekera mkati. Muzidutsa mutatsinzina?" A Wilisoni anati adzagula makatani, ndipo akalephera adzayamba kuyenda chambuyo. Anthu anaseka mpaka a Matimati anasuzumira pampanda. Inenso ndinaseka. Ndikuganiza kuti miyezi imeneyo ndiyo inali yabwino koposa pa zaka zanga zonse za ku Canada.

Sabata yomweyo ndinalemba kalata imene kwa nthawi yoyamba inanena kanthu. Ndinauza Felesiya kuti awawerengere amayi pang'onopang'ono: nyumba yawo yatha, ndi ya magalasi, dzuwa limalowa tsiku lonse ngakhale kunja kukuzizira, mapepala a ulendo wawo tayamba kuyendetsa, akonzeke, pakuti mvula isanagwe adzakhala ali kuno. Chifukwa chimene ndinawamangira payekha sindinachilembe. Ndinkaona kuti n'chodziwikiratu.

Masamba atayamba kufiira kunabwera inisipekitala wa ku ofesi ya mzinda. Palibe amene anatinenera. Anangoona denga lonyezimira akudutsa pa ntchito ina. Anali munthu waulemu. Anapukuta nsapato asanalowe, anayeza ndi tepi yake, anakumba pang'ono m'mbali mwa maziko, ndipo anandifotokozera zinthu zinayi modekha, monga mmene ine ndinkafotokozera mwana wolephera mayeso. Choyamba, chilichonse cholumikiza ku nyumba chimafuna chilolezo cholembedwa ntchito isanayambe. Chachiwiri, pakati pa khoma ndi malire pamayenera kutsala mpata, ndipo ife tinaperewera ndi utali wa mkono wanga. Chachitatu, m'dziko limenelo nthaka imauma ndi chisanu mpaka pansi, n'kufufuma, choncho maziko amayenera kupitirira pamene chisanu chimalekeza. Athu sanafike ngakhale pakati. Chachinayi chinali chachikulu: chipinda chokhala ndi khomo lake, chitofu chake ndi chimbudzi chake, chosalumikizana ndi nyumba mkati, pamaso pa lamulo ndi nyumba yachiwiri, ndipo msewu wathu unali wa nyumba imodzi pa malo amodzi. Ndinamuuza kuti mnansi wathu anavomera pali mboni. Anati zimenezo n'zabwino, koma mnansi si amene amapereka chilolezo. Anamata pepala pa khomo lagalasi loletsa ntchito iliyonse ndi kugonamo. Amayi a m'nyumba zoyandikana ankaliwerenga ali pamsewu. Ine amene sindinachedwepo kuntchito, amene sindinawolokepo msewu nyali isanalole, ndinali wophwanya lamulo, ndipo zinali zolembedwa pakhomo.

Panali njira yodandaulira. Kunali komiti imene inkamva anthu ofuna kuti lamulo liwapatukire pang'ono. Tinalipira, tinalemba mapepala, anansi onse analandira makalata owadziwitsa, ndipo tinadikira mpaka pakati pa chisanu. Tsikulo a Matimati anabwera atavala suti yakale yonunkha mankhwala a njenjete, nauza komitiyo m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti mpanda ndi wawo ndipo alibe dandaulo. Wapampando anali mayi wa msinkhu wanga, wa magalasi a m'maso, wolankhula mosataya mawu. Kwina tikanakhala mabwenzi. Anati za malire akhoza kutikhululukira popeza mnansi wavomera. Anati maziko akhoza kukonzedwa, tikabweretsa pulani ya katswiri. Koma nyumba yachiwiri sangailole. Tichotse chitofu, tiboole khomo lolowera pabalaza pathu, amayi azidya nafe ndi kusamba m'bafa yathu, ndipo chipindacho chidzakhala gawo la nyumba imodzi. Kenaka anavula magalasi nandifunsa, "Kodi pali chovuta kuti mayi anu azidutsa pabalaza panu?"

A Wilisoni anandigwira mkono. "Vomerani, Esinati," anandinong'oneza. "Akamadutsa ine ndizituluka. Ndiziima panja ngakhale pa chipale. Vomerani."

Ndinaimirira. M'Chingerezi changa chabwino koposa ndinafotokoza mwambo wa mkamwini ndi apongozi, chiyambi chake ndi ulemu wake, ngati ndikuphunzitsa kalasi. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza ndinati amayi anga sangalowe m'nyumba yotero, ndipo ine sindingawachititse manyazi pa ukalamba wawo. Wapampando anandifunsa ngati ndawafunsa amayiwo. Ndinayankha kuti palibe chifukwa chowafunsira, popeza ndikuwadziwa. Analemba kanthu pa pepala lake. Pempho lathu linakanidwa, ndipo tinalamulidwa kugwetsa chipindacho chisanu chikatha.

Tinabwerera kunyumba pa basi. A Wilisoni sanandidzudzule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Kungoti kuyambira pamenepo nkhani zathu zinatsala za chakudya ndi za nthawi ya basi.

Ndiyenera kuvomereza kuti inisipekitala uja sananame. Chisanu chitafika pachimake simenti inafufuma mbali imodzi, khomo linakana kutseguka, ndipo magalasi anayamba kung'aluka limodzilimodzi. Ndinkawamva ndili kukhitchini. Chipale chitasungunuka amuna omwe aja anabweranso ndi zipangizo zomwe zija. Ndinaphika monga kale, koma chakudya chinatsala. A Tembo sananene nthabwala. Magalasi amene anapulumuka a Wilisoni anapatsa a Matimati, ndipo iwo anapangira timabokosi tofupika tofesera mbewu, timene sitinkafuna chilolezo cha munthu. Kuyambira pamenepo, ndikamatsuka mbale, ndinkaona makoma a amayi anga akulera tomato kuseri kwa mpanda. Pabwalo pathu panatsala simenti yokha, yopendekeka.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizengereza. Kumudzi sindinalembe kuti chipinda chagwetsedwa. Ndinayamba kalata yotero kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndinkaona m'maganizo Felesiya akuiwerenga pakhonde anthu atazungulira, akumva kuti Aphunzitsi anamanga mosatsata lamulo ndipo boma lawagwetsera. Ndinkaing'amba. M'malo mwake ndinkalemba kuti mapepala akuchedwa, zimene zinali zoona pang'ono. Ndinkalemba kuti kwatsala pang'ono. Mumtima ndinkadziuza kuti tidzasunga ndalama, tidzagula nyumba yaikulu ku Brampton kumene nyumba zinali zotsikirapo mtengo, yokhala ndi makomo awiri ovomerezeka, ndipo amayi sadzadziwa kuti panali vuto. Ndinayamba kugwira ntchito ndi Loweruka lomwe. Felesiya ankayankha kuti amayi akupereka moni, ndipo akufunsa ngati dzuwa likulowabe m'nyumba mwawo. Ndinkayankha kuti likulowa. Mvula inagwa kwathu kawiri ine ndikulemba zimenezo.

Telegalamu inafika m'mwezi wa Julayi wa chaka chachisanu ndi chiwiri, m'mawa, kunja kukutentha kale. Inali ndi mawu anayi: amayi amwalira taika Lachiwiri. Lachiwirilo linali litadutsa kale. Ndinaipinda, ndinapita kuntchito, ndinasambitsa okalamba asanu ndi mmodzi. Patapita miyezi inayi ndinasiya ntchito ndi kukwera ndege ndekha. A Wilisoni anandiperekeza kubwalo la ndege, nati akatha zaka zawo za ntchito adzabwera. Sindinawafunse kuti ndi zaka zingati.

Ndinafika kumudzi mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Mtengo wa mango unalipo. Nyumba ya amayi panalibe. Kwathu mwini nyumba akamwalira, maliro akatha, nyumba yake imagwetsedwa. Zimenezo ndinkazidziwa, komabe sindinali wokonzeka kuona bwalo losalala, lozungulira, nkhuku zikupalasa pamene panali pogona pawo. Pambali pake, pa thandala, panali mitolo ya udzu wofolera, yambiri, yakuda ndi kuola.

Felesiya anadikira kuti anthu odzandipepesa amwazikane. Tsiku lachitatu, tili awiri pakhonde pake tikusenda nandolo, ndinamufunsa za udzuwo. Anayankha osandiyang'ana. Anati chaka chimene kalata yanga ya magalasi inafika, denga la amayi linali litatha kale, ndipo amuna ake, a Lemani, anali atamweta udzu ndi kuitana anzawo kuti afolere. Inali ntchito ya tsiku limodzi. Amayi anawaletsa. Anati, "Mukufoleranji nyumba ya munthu wapaulendo? Udzuwo apatseni okhala." Mvula inabwera, nyumba inadontha, ndipo iwo ankangosuntha mphasa kuchoka pangodya ina kupita pa ina. Chaka chotsatira a Lemani anamwetanso udzu. Amayi anatulutsa kalata yanga yatsopano, nauza Felesiya kuti awerenge pamaso pa amunawo pamene ndinalemba kuti kwatsala pang'ono. Amunawo anatsika pamakwerero. Felesiya anawachonderera kuti asamukire kwa iye. Anakana, ati galimoto yodzawatenga idzaima pakhomo pawo ndipo sutikesi ili momwemo. Dzinja lachiwirilo ankagona ndi beseni pambali. Chifuwa chinayamba mvula isanathe, ndipo chiperoni cha mwezi wa Juni chitabwera, chinasanduka chibayo.

Kunoko kufolera sikufuna pepala la munthu aliyense. Udzu unalipo, amuna analipo, makwerero anali atatsamira kale pakhoma. Choletsa ntchito chinachokera ku Etobicoke, cholembedwa ndi dzanja langa, mopanda cholakwa ngakhale chimodzi.

Ndinamuuza Felesiya zoona zonse pamenepo: za inisipekitala, za komiti, za khomo limene ndinakana kuboola. Anasiya kusenda. Anandifunsa kawiri ngati wamva bwino, kuti chipinda chinagwa chifukwa amayi sakanatha kudutsa pamene pakhala alamu ake. Kenaka analowa m'nyumba natulutsa sutikesi ya amayi. Munali juzi yatsopano, nsapato zansalu zosavalidwapo, makalata anga onse atamangidwa ndi luzi, ndi kansalu kokhala ndi mfundo pangodya. M'mfundomo munkamveka ndalama zachitsulo.

"Imeneyo ndi ya nkhuku ya alamu," anatero Felesiya. "Ankafuna kunyamula yamoyo. Nditawauza kuti m'ndege salola, anati basi akagula komweko."

Sindinamvetse, ndipo anachita kundifotokozera ngati mlendo. Kupewana kwa mkamwini ndi apongozi kuli ndi mathero ake. Apongozi amapha nkhuku naphika okha, mkamwini amaika kandalama pambale, amadya pamodzi pali munthu mmodzi woonerera, ndipo kuyambira tsiku limenelo amalankhulana ngati mayi ndi mwana. Kawirikawiri zimachitika mwana woyamba akabadwa. A Lemani anadya nkhuku yawo kalekale, ndipo zaka zonsezi ankakhala ndi amayi pamphasa imodzi, kukangana za mitengo ya fodya. Ine pobwera patchuthi sindinkaziona, chifukwa ndikafika aliyense ankakhala mwaulemu monga pobwera woyendera sukulu. Kwa ife amayi anazengereza chifukwa tinalibe mwana. Ankaopa kuti akaitchula nkhaniyo andikumbutsa chimene ndinalibe. Koma atamva za ulendo anati kudziko la eni sangamathawane ndi mwana wawo, ndipo tsiku loyamba lomwe adzaphika nkhukuyo. Ankati a Wilisoni ndi munthu wofatsa, ndipo akhala akufuna kumva mawu awo pafupi.

Ndinamufunsa chifukwa chake panalibe amene anandiuzapo zimenezi, zaka zonsezi. Felesiya ndi munthu wofatsa, ndipo chibadwire sanandiyankhepo mokweza. Sanakweze mawu ngakhale tsiku limenelo.

"Achemwali," anatero, "inu mumafunsa?"

Ndinabwerera ku ntchito yophunzitsa. Satifiketi yanga kuno ikugwirabe ntchito, ndipo atsikana amandiopa monga ankandiopera akale. Ndimawaphunzitsa kusita kolala ndi kuyala tebulo. A Wilisoni amalemba mwezi uliwonse. Akuti simenti ija ikadalipo, ndipo a Matimati anamwalira, nyumba yawo anagula anthu ena amene anataya timabokosi tija. Za kansalu ndinawalembera, kalata yaitali, yoyamba yoona chichokere kwa iwo. Anayankha kuti anaiwerenga ali m'basi ndipo anapitirira potsikira. Anafunsanso ngati pali chimene chingachitike tsopano, ngati iwo atabwera, kugula nkhuku ndi ndalama imeneyo, ndi kukadyera kumanda kapena pabwalo pamene panali nyumba.

Funso limenelo sindinaliyankhe ndekha. Pa tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi, ndinakhala pansi, ndipo ndinapempha Felesiya kuti akandifunsire kwa azakhali athu, amene ndi okhawo otsala a msinkhu wa amayi. Ndinadikira pakhonde ndi kansaluko m'manja, mfundo yake ili chimangire monga anaimangira amayi. Felesiya sanachedwe. Anabwera, anakhala pambali panga, nayamba wakonza chitenje chake.

"Akuti ayi," anatero. "Akuti nkhuku imeneyo imafuna onse awiri akhalepo."